Ndinawaikira Masamba Ali Moyo

Chipinda chathu chinali padenga. Ku Nuaija, dera lomwe timakhala muno mu Doha, nyumba za mabwana zimakhala ndi denga lathyathyathya la simenti, ndipo pamwamba pamenepo, pambali pa mathanki a madzi, ndi pomwe anatikhomera kachipinda ife antchito awiri. Malata pamwamba, malata m'mbali, siling'i palibe. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndinkadzitama kuti kutentha ndimakudziwa chifukwa ndinakhalako kwa azakhali ku Nsanje. Bodza! Kutentha kwa ku Nsanje ndi kamwana. Kuno ku Doha mwezi wa Juni ukafika, madzi a pampopi masana amasupula khungu, ndipo chitseko chathu tinkatsegula titakulunga dzanja m'chitenje.

Ndinkagona ndi mayi wina wa ku Dedza amene ndinawapeza kale pantchitopo. Anali aakulu kwa ine, ndiye ndinkawaitana kuti achemwali. Iwo anali ophika, ine wokolopa, kuchapa ndi kusita. Munthu wofatsa, wopemphera, woyankhula motsitsa ngati pali mwana wagona. Ine ayi. Pakamwa panga mayi anga anapalephera kalekale, ndipo achemwali sankatopa kundiuza kuti, "Iwe, pakamwa pakopo padzakukweza ndege kontirakiti isanathe."

Chomwe chinkatisunga m'chipindamo ndi eyakoni, kamakina koziziritsa mpweya kakalekale komwe kanali pakhoma. Kankalira ngati chigayo, kankadontha madzi, koma kankayesetsa. Tsiku lina kanayamba kutulutsa mpweya wofunda, mawa lake kanangoti zii.

Ndinakauza madamu. Anandiyankha osandiyang'ana n'komwe kuti, "Bukra, inshallah." Mawuwa amatanthauza kuti mawa, Mulungu akalola, koma aliyense wogwira ntchito m'nyumba za kuno amadziwa kuti mawa limenelo limayenda pang'onopang'ono. Nditawavutitsa kwambiri anaitana mmisiri. Munthuyo anakwera padenga, n'kutsegula kamakina kaja, n'kupukusa mutu. Kenako anagogoda malata athu ndi chala nati ngakhale agule makina atsopano, nawonso adzafa msanga, chifukwa chipindacho chilibe chotchinga kutentha. Anandilozera nyumba ya mabwana pansipo, n'kundionetsa ndi zala kukhuthala kwa chinthu changati siponji chomwe amaika m'kati mwa makoma ndi kudenga kuti kutentha kusalowe. Madamu atamva zimenezo anati zonse zidzaoneka akadzabwera ku holide. Holide yawo inali ya chilimwe chonse, kudziko lozizira.

Mmisiri uja atanena za siponji, ndinakumbukira anthu ena amene tinawaona pa kanema miyezi yozizira. Tsikulo ndinkapereka tiyi pabalaza, achemwali ataima pakhomo ndi mbale ya zipatso. Pa nkhani ankaonetsa azungu atakhala pansi pakati pa msewu waukulu, ena nkhalamba zaimvi, atavala majekete owala, magalimoto atandanda kumbuyo kwawo mpaka uko. Madalaivala ankawakoka pamalaya, ena kuwathira madzi, mayi wina akulira kuti akuthamangira kuchipatala. Bwana anati onsewo ndi ofunika kuwatsekera. Madamu anati ndi anthu osowa chochita.

Titabwerera kukhichini achemwali anandifunsa kuti, "Kodi kumeneko kwagwa maliro?" Ndinaseka. Iwo ankaganiza zakwathu, poti kwathu msewu umatchingidwa pakagwa zovuta. Anthu amathyola nthambi n'kuziyala modutsa msewu, ndipo galimoto imachepetsa liwiro, wa njinga amatsika, wa chipewa amavula. Ndinawafotokozera zomwe ndinatolako, kuti anthuwo akuti boma lawo lizifunditsa nyumba za anthu kuti okalamba asamafe ndi kuzizira, komanso kuti asamawotche mafuta ambiri owononga nyengo. Achemwali anagwira pakamwa. "Nyumba kufunda bulangete? Koma azungu!"

Lachisanu lina la ofu nkhani yomweyo inabuka ku Najma, komwe Amalawi timakumana tikamatumiza ndalama kwathu. Munthu wina anali nayo pafoni. Panali alonda, a m'mahotela, komanso dalaivala wa panyumba pathu, bambo wa ku Balaka amene sankavula kapusi yake yoyera ngakhale akudya. Iyeyu ndiye anakwiya kuposa onse. "Msewu ndi wa galimoto," anatero. "Ine bwana akachedwa ku miting'i, wotukwanidwa ndine, osati iwowo." Mtsikana wina wa ku hotela anati komatu zomwe akunena ndi zoona, taonani mvula kwathu momwe yasokonekera, chaka chino chilala, chaka chamawa madzi osefukira. Anthu anamuwowoza. Ine ndiye ndinakweza mawu kuposa dalaivala. Ndinati amenewo akhuta, mavuto enieni sanawaone, ndipo ndikanakhala ine pachiwongolero ndikanangoliza hutala n'kuponda mafuta. Anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa.

Eyakoni itafa, tinayesa nzeru zonse. Ndinatola makatoni kuseri kwa mashopu n'kuwapanikiza pansi pa malata. Tinkanyowetsa zitenje n'kuzifunda, koma zinkauma tisanagone n'komwe. Tinkathira madzi pansi n'kugona pasimenti. Kutsegula chitseko, monga timachitira kwathu kuti kamphepo kalowe, kunali kuitana moto. Kugona panja nako kunali kosatheka, mpweya wake wonyowa ndi wolemera, wokanika kupuma. Foni yanga inatupa batire n'kufa. Ine thupi linabuka zidzolo, koma ndinali ndi mphamvu zanga.

Achemwali ndiwo anayamba kundiopsa. Anali ndi vuto la kuthamanga magazi, ndipo tsiku lonse ankakhala pamoto kukhichini ya panja, kenako n'kukwera kukagona mu uvuni muja. Mapazi anatupa mpaka masilipasi kukana. Mutu sunkawapola. Tsiku lina ndinawapeza atatsamira sinki, mpeni uli m'manja, maso ali gwa kukhoma. Ndinati ndikukanena kwa madamu kuti mukudwala. Anandigwira mkono mwamphamvu zomwe sindinkadziwa kuti ali nazo.

"Usayerekeze," anatero. "Akadziwa kuti ndikudwala akansela viza. Nyumba yanga ku Dedza ili pa lintala, mwana wanga wamkazi ali fomu fili. Ndikabwerera lero ndikadya chiyani? Ndipirira. Kunja kuno n'kupirira."

Ndinawalonjeza kuti sindinena. Kwa madamu ndinkangonena za makina, za matenda osatchula. Ndinapempha kuti akamachoka atisiyire kiyi wa kachipinda kochapira zovala, komwe kanali ndi eyakoni. Anakana, ati nyumba yonse ikhala yokiya, ife ntchito yathu ndi kuthirira maluwa ndi kutsuka pabwalo. Tsiku lotsatira anandituma kuti ndilongedze amphaka awo awiri m'mabasiketi, dalaivala akawasiye kwa mng'ono wawo ku Al Duhail. Ati amphaka sangapirire kutentha. Ndinalongedza amphakawo, ndipo mawu amene ndinanena chamumtima sindingawalembe pano.

Tsiku la ulendo linafika. M'mawa ndinadzuka n'kupeza achemwali sanadzuke, chinthu chomwe sichinachitikepo. Ndinawagwedeza. Thupi linali lotentha koma louma, thukuta ngakhale dontho. Anatsegula maso n'kundiitana dzina la mwana wawo, n'kundiuza kuti nditsekere mbuzi. Ndinawapatsa madzi, anangotayikira m'mbali mwa kamwa. Ndinayesa kuwadzutsa kuti titsike, koma anali olemera, ndipo masitepe a padenga ndi achitsulo, opapatiza. Foni ndinalibe. Ngakhale ndikanakhala nayo, nambala ya ambulasi ya dziko lino sindinkaidziwa, ngakhale dzina la msewu womwe tinkakhala.

Ndinatsika chothamanga. Pabwalo panali piringupiringu, masutikesi, ana akulira, bwana akuyang'ana wotchi. Ndinaswa lonjezo langa. Ndinati, "Madamu, achemwali akudwala kwambiri, akufunika chipatala." Madamu ankawerenga mapasipoti. Anati ndiwapatse mapiritsi a mutu ndi madzi ozizira, iwo akafika adzaimbira mng'ono wawo kuti adzaone. Ndinabwereza, ndinagwada ndithu pasimenti yotentha. Anati, "Khalas, khalas," kutanthauza kuti basi zatha, n'kukwera galimoto. Dalaivala anali kuseri akumanga katundu, sanamve chilichonse. Ndinamufuulira, koma apo n'kuti atalowa kale m'galimoto, mawindo otseka, injini ikulira.

Geti la panyumbapo ndi lamagetsi, limatseguka pang'onopang'ono, ndipo galimoto inali isanatembenuke. Ndinaima pakati pa bwalo ndikudziwa chinthu chimodzi chokha: galimoto iyi ikatuluka, achemwali afera padenga paja, ine ndili pambali ndikuwakupiza ndi katoni. Mantha anandigwira. Sindinganame kuti ndinaganiza za azungu a pa kanema aja. Sindinaganize kanthu. Pambali pa geti panali mtengo wa nimu womwe ndinkauthirira tsiku ndi tsiku. Ndinaulumphira n'kuyamba kukhadzula nthambi ndi manja, ndipo ndinaziyala modutsa pageti, kuchokera kukhoma ili mpaka lija, monga timachitira kwathu.

Kwa bwana ndi madamu zinali zinyalala chabe, wantchito wapenga. Koma pachiwongolero panali mwana wa ku Balaka. Galimoto inabwera mpaka pafupi ndi masamba aja n'kuima kuti njo. Ndinamva injini ikuzima. Dalaivala anatsika pang'onopang'ono, ndipo kwa nthawi yoyamba chimudziwire ndinaona mutu wake, poti kapusi ija anali ataivula n'kuigwira pachifuwa. M'galimoto bwana ankamenya mpando akukuwa m'chinenero chawo kuti, "Yala! Yala!" kutanthauza kuti tiyeni. Dalaivala sanacheuke.

"Atisiya nthawi yanji?" anandifunsa motsitsa.

"Sanatisiye," ndinatero. "Akupuma. Koma mukadutsa apa, achimwene, pobwera ku eyapoti mudzapeza masambawa ali oona."

Nkhope yake inasintha. Anayang'ana nthambi zija, n'kuyang'ana ine. "Chemwali, mwawaikira masamba munthu ali moyo? Mukudziwa chimene mwachita?"

"Ndikudziwa. Nanga mukanaima?"

Ine ndinangokhala pansi pomwepo pakati pa geti, pamasamba paja. Simenti inkandiwotcha kudutsa yunifomu. Bwana anatsika atafiira maso. Ananena za ndege, za polisi, za viza yanga, zina m'Chingerezi zina m'chinenero chawo. Galimoto ya aneba inaima mumsewu, anthu akusuzumira. Madamu ankandiloza ndi foni. Ndinkalira, mamina ali chuchuchu, ndipo pakamwa panga paja panatseguka. Ndinati itanani polisi, bola abwere ndi ambulasi. Ndinati amphaka munawapititsa kozizira. Ndinati ngati mukufuna kudutsa, dutsani pa ine. Sindikudziwa kuti anamva zingati, chifukwa zambiri ndinkanena m'Chichewa.

Bwana analamula dalaivala kuti andikoke andichotse. Bambo uja anaika kapusi yake pagalimoto n'kuyamba kuyenda, koma sanabwere kwa ine. Analunjika kumasitepe a padenga. Bwana anamutsatira akukalipa, ndipo ndikukhulupirira kuti aka kanali koyamba kuti akwere kumeneko chimangire nyumbayo. Ndili pageti ndinamva bwanayo akukuwa atagwira chitseko chathu ndi dzanja losakulunga. Patapita kanthawi dalaivala anatsika atabereka achemwali kumsana, mutu wawo ukulendewera, bwana ali pambuyo atawagwirizira mapazi, nkhope yake ili thukuta lokhalokha. Anawagoneka pabalaza, pampando womwe ine ndinkaloledwa kuupukuta kokha. Bwana yemweyo ndiye anaimba foni, ndipo ambulasi sinachedwe. Masamba aja anawachotsa ndi dalaivala kuti ilowe, koma sanawakankhe ndi phazi. Anawatola ndi manja.

Ndege inawasiya tsiku limenelo. Ananyamuka patapita masiku angapo, ndipo madamu sanandiyankhule mpaka kunyamuka. Ndinkadikira kuti andiuza kuti ndilongedze, koma sanatero, mwina chifukwa panalibe wina wothirira maluwa. Kiyi wa kachipinda kochapira anandisiyira pawindo. Asanabwere ku holide kunafika amisiri, anachotsa makatoni anga, n'kuika matabwa okhuthala a siponji m'makoma ndi kudenga, ndi makina atsopano. Nyumba inafunda bulangete ndithu.

Achemwali anakhala m'chipatala nthawi yaitali. Madokotala anati akanachedwa pang'ono sakanapulumuka, koma impso zinali zitavulala ndipo ntchito ya pamoto sakanaithanso. Zomwe ankaopa zija zinachitika. Viza inakanselidwa, tikiti inagulidwa. Nditapita kukawaona koyamba anandigwira dzanja n'kundithokoza, poti ankangodziwa kuti ndinakuwa mpaka anthu anamva. Koma nkhani siigona. Ku Najma inali itafala kale, ena akuti ndinachita bwino, ena akuti ndachititsa manyazi Amalawi ndipo mabwana aziopa kutilemba ntchito, ena akuti zimene ndinachita ndi malodza. Wina wokawaona anawafotokozera zonse.

Tsiku lonyamuka ndinawalongedzera chikwama, ndipo ndinapempha kuti ndiwaperekeze ku eyapoti. Titafika ndinatambasula dzanja kuti titsanzikane. Sanalilandire. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ndi dzanja limeneli unathyolera?"

"Achemwali, mukanafa."

"Ndinakuuza kuti usanene, unanena. Chimenecho ndikanakukhululukira. Koma iwe unandilira ndili moyo. Unandiitanira imfa pakhomo, ndiye ukuti ndipite nayo kwa ana anga." Sanakweze mawu, sankakweza mawu chikhalire. Anatenga chikwama chawo n'kulowa, akukoka mapazi otupa aja.

Pobwerera ndinalira njira yonse. Dalaivala anangoti, "Mukanapanda kutero sindikanaima, chemwali. Koma nanenso usiku sindigona nazo." Kuyambira tsiku limenelo nkhani ya anthu otchinga misewu saiyankhulanso, ngakhale ena aiyambitse ku Najma. Inenso ndikawaona pa kanema ndikupereka tiyi, bwana amasintha tchanelo msanga, ndipo ine ndimayang'ana pansi. Sindikudziwa ngati anthu amenewo amachita bwino. Mayi wolira uja wothamangira kuchipatala ndimamumvetsa. Koma sindinenanso kuti akhuta, chifukwa sindikudziwa amene otchinga msewuwo anamusiya atagona kunyumba.

Ndikadali ku Nuaija, m'chipinda chomwechija. Tsopano mumazizira moti ndimafunda, ndipo bedi la achemwali lili pomwepo, poti wophika watsopano amagona kwina. Ndinagula foni ina. M'mawa uliwonse ndisanatsike ndimawatumizira uthenga: mwadzuka bwanji achemwali, mapazi ali bwanji, mwana akupita kusukulu? Sanayankhepo ngakhale kamodzi. Koma foni imaonetsa munthu akatsegula uthenga, timizere tiwiri timasintha mtundu. Ndimakolopa foni ili m'thumba la yunifomu, ndikuitulutsa mobisa kubafa, kuseri kwa chitseko, pansi pa mtengo wa nimu uja. Tsiku limene timizereto tachedwa kusintha, chakudya sichilowa. Ndimaona msewu wa kwawo ku Dedza, anyamata akuthyola nthambi, ndipo ndimamva anthu akunong'onezana kuti anayamba ndi uja wa ku Ntcheu.

Dzulo anatsegula dzuwa litapendeka. Ndinakhala pansi m'kachipinda kochapira n'kuthokoza Mulungu mokweza. Akwiye, Ambuye, asandiyankhe mpaka kalekale, anditukwane kwa aliyense wa ku Dedza, bola azitsegula. Lero ndatumiza m'mawa, ndipo mpaka pano sanatsegule.